Kunja kwa London: Matawuni Akale ndi Midzi Yosunga Mbiri ya England

Munthu akangotsika ndege pabwalo la Heathrow, mtima wake umakhala uli pa London. Amafuna kukajambulitsa pansi pa wotchi ya Big Ben, kukasuzumira pachipata cha nyumba yachifumu ya Buckingham, ndi kukwera basi yofiira yosanja ija. Abale athu ambiri amene amapita ku Britain kukaphunzira, kukagwira ntchito kapena kukacheza amatitumizira zithunzi zomwezi. Ena amatha zaka zisanu ali kumeneko, moyo wawo uli wa kuntchito ndi kunyumba basi, osadziwa kuti ola limodzi lokha pa sitima likhoza kuwafikitsa pamalo amene anawaloweza pokonzekera mayeso a mbiri ali kusekondale.

London ndi mzinda wakale ndithu, chifukwa Aroma anaukhazikitsa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Koma zakale zake zambiri zinapita. Mu September 1666 moto unayaka masiku anayi, n'kupsereza nyumba zoposa 13,000 ndi matchalitchi 87. Mu 1940 ndi 1941 ndege za nkhondo za ku Germany zinaphulitsanso mbali zazikulu za mzindawu. N'chifukwa chake wofuna kuona misewu yopapatiza, nyumba zamatabwa zopendekeka ndi matchalitchi a zaka 900 amatuluka mu London m'mawa n'kubwerera madzulo. Tiyeni tione malo angapo amene anthu amapitako, zimene zinachitika kumeneko, ndi chifukwa chake malowo akadalipo mpaka lero.

Minda pafupi ndi mzinda wa anthu 9 miliyoni

Chimene chimayamba kudabwitsa mlendo n'chakuti sitima ikangoyenda mphindi 30, nyumba zimatha mwadzidzidzi, n'kuyamba minda ya tirigu, nkhosa ndi nkhalango. Izi sizinangochitika zokha. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 mzinda wa London unkakula motsatira njanji, n'kumameza mudzi uliwonse umene unali m'njira. Anthu ataona kuti posachedwa sipatsala munda, anathamangira kumalamulo. Lamulo la mu 1938 linathandiza makhonsolo kugula malo ozungulira mzinda n'kuwasunga osamangapo. Lamulo la mu 1947 linafika patali: linati munthu sangamange nyumba, ngakhale pamalo ake enieni, popanda chilolezo cha khonsolo. Malo ozungulira London amene amatetezedwa motere amatchedwa Green Belt, kutanthauza lamba wobiriwira. Lero lambayu ndi wa mahekitala oposa 500,000, ndipo akuposa kukula kwa mzinda weniweniwo katatu.

Nyumba zakale nazo zili ndi kaundula wake. Nyumba ikalowa m'kaundulayu, mwini wake sangaigwetse kapena kusintha maonekedwe ake, ngakhale zenera, asanapemphe chilolezo, ndipo wochita zamakani amaimbidwa mlandu. Palinso bungwe la National Trust limene linayamba mu 1895. Mmodzi mwa anthu atatu amene analiyambitsa anali mayi Octavia Hill, amene ankagwira ntchito pakati pa amphawi a mu London ndipo ankakhulupirira kuti munthu wosauka nayenso amafunika malo okapumirako mpweya wabwino. Nyumba yoyamba imene bungweli linagula inali yofolera ndi udzu, m'mudzi wa Alfriston ku Sussex, mu 1896, pamtengo wa mapaundi 10. Lero limasamalira nyumba zakale mazanamazana, nkhalango ndi magombe.

Chifukwa chachitatu sichinalembedwe m'lamulo lililonse, ndipo ndi umphawi. Matawuni ambiri okongola anamangidwa ndi ndalama za ubweya wa nkhosa m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, pamene ubweya ndi nsalu za ku England zinkagulidwa ku Ulaya konse. Malondawo atagwa, kwina chifukwa cha nsalu zotchipa za opikisana nawo, kwina chifukwa ntchito inasamukira kumafakitale a kumpoto, malo ngati Lavenham ku Suffolk ndi midzi ya m'mapiri a Cotswolds anasauka. Anthu analibe ndalama zogwetsera nyumba za makolo n'kumanga zamakono, ndiye ankangozikonzakonza. Nyumba zimene eni ake ankachita nazo manyazi ndi zimene lero alendo amawoloka nyanja kuti akazione.

St Albans: tchalitchi cha njerwa za Aroma

Tawuni ya St Albans ili makilomita oposa 30 pang'ono kumpoto kwa London, ndipo sitima yothamanga yochokera pasiteshoni ya St Pancras imatenga mphindi pafupifupi 20. Nthawi ya Aroma pamalopa panali tawuni ya Verulamium, imodzi mwa matawuni aakulu kwambiri a Aroma ku Britain. Cha m'ma AD 60 mfumukazi Boudica, amene anaukira Aroma, anaitentha, koma inamangidwanso. Lero mbali yaikulu ya malowa ndi paki. Mlendo amaona zidutswa za linga, bwalo la zisudzo limene linamangidwa cha m'ma AD 140, ndi pansi pa chipinda china pokongoletsedwa ndi timiyala tamitundumitundu. Kunsi kwa timiyalato kuli ngalande zimene munkadutsa mpweya wotentha wochokera pang'anjo, kuti eni nyumba asamve kuzizira kumapazi nthawi ya chisanu.

Dzina la tawuniyi linachokera kwa munthu wina dzina lake Alban. Olemba mbiri akale, monga Bede, amati Alban sanali Mkhristu, koma anabisa m'nyumba mwake mtsogoleri wa Akhristu amene ankasakidwa ndi boma la Aroma. Ataona mmene mlendo wakeyo ankapempherera, anatembenuka mtima. Asilikali atafika, iye anavala chofunda cha mlendoyo n'kudzipereka m'malo mwake, ndipo anakamudula mutu paphiri loyang'anizana ndi tawuni. Amakumbukiridwa ngati Mkhristu woyamba ku Britain kufera chikhulupiriro.

Paphiri lomwelo pali tchalitchi chachikulu chimene chinayamba kumangidwa mu 1077. Amisiri anapeza kuti derali lilibe miyala yabwino yomangira, ndiye anatsikira kumabwinja a Verulamium n'kukazula njerwa. Mukayang'ana nsanja yake lero, njerwa zofiira zopyapyala zimene mukuonazo zinaumbidwa ndi anthu amene anamwalira zaka zoposa 600 tchalitchicho chisanayambe kumangidwa. Mphunzitsi akhoza kuimika ana pansi pa khoma limeneli n'kuwaphunzitsa za Aroma, za Akhristu oyamba ndi za Anormani osatsegula buku. Mbali imene anthu amakhala popemphera ndi yaitali mamita 85, kuposa ya tchalitchi chachikulu china chilichonse ku England, ndipo kulowa n'kwaulere. Msika wa m'misewu ya tawuniyi umakhala Lachitatu ndi Loweruka, choncho wosunga Sabata ali ndi tsiku lake loti akauone.

Windsor, Eton ndi dambo la Runnymede

Makilomita pafupifupi 35 kumadzulo kwa London, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kuli nyumba yachifumu ya Windsor. William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066 anamanga malinga kuzungulira London, lililonse pamtunda woti asilikali akhoza kuyenda tsiku limodzi. Windsor linali limodzi mwa malingawo, ndipo mafumu akhala akugonamo kuyambira m'zaka za m'ma 1100 kufikira lero. Mkati mwa lingali muli tchalitchi cha St George chimene chinayamba kumangidwa mu 1475. Mmenemo ndi mmene munaikidwa Henry VIII, mfumu imene inachotsa mpingo wa ku England m'manja mwa papa. Mmenemonso ndi mmene anaika Elizabeth II pa 19 September 2022. Mfumukaziyi inali mutu wa dziko lathu lino mpaka pamene linakhala lipabuliki mu 1966, ndipo inadzacheza kuno mu 1979. Mu November 1992 moto unawononga zipinda zoposa 100 za nyumbayi. Kukonzanso kunatenga zaka zisanu, ndipo pofuna kupeza ndalama zake nyumba ya Buckingham inatsegulidwa kwa alendo olipira kwa nthawi yoyamba mu 1993.

Mukawoloka mlatho wapansi kuchokera ku Windsor mumalowa mu Eton. Sukulu yotchuka ya kumeneko inakhazikitsidwa ndi Henry VI mu 1440 kuti anyamata 70 osauka aziphunzira mwaulere. Lero ndi imodzi mwa sukulu zodula kwambiri ku Britain, ndipo nduna zazikulu 20 za dzikolo zinaphunzira kumeneko. Ifenso dzinali timalidziwa, chifukwa Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981 anthu ankaitcha Eton ya mu Africa. Amene akuphunzira zauphunzitsi ali ndi funso labwino loti aziganizira akuyenda mumsewu umenewu: kodi zimatheka bwanji kuti sukulu yomangidwira amphawi isanduke ya olemera?

Makilomita ochepa kutsika ndi mtsinje kuli dambo la Runnymede. Ambiri amakhumudwa akafika, chifukwa amangopeza udzu, mitengo ndi ng'ombe. Koma pa 15 June 1215 mfumu John inakumana pano ndi nduna zake zimene zinatopa ndi misonkho komanso nkhondo zimene mfumuyo inkaluza ku France. Anaikakamiza kudinda chikalata chotchedwa Magna Carta. Mfundo yake yotchuka inali yakuti mfulu asamangidwe kapena kulandidwa katundu popanda kuweruzidwa motsatira lamulo. Tisakokomeze: anthu ambiri olima nthawi imeneyo sanali mfulu, ndipo patangopita masabata khumi Papa Innocent III anachithetsa chikalatacho, nkhondo n'kuyambika. Koma John atamwalira mu 1216 chinatulutsidwanso kangapo, ndipo ganizo lakuti wolamulira nayenso ali pansi pa lamulo silinafenso. Makope anayi a mu 1215 alipobe, awiri ku British Library mu London, limodzi ku Lincoln ndi lina ku Salisbury. Chipilala chimene chili padamboli chinamangidwa ndi maloya a ku America mu 1957.

Oxford ndi Cambridge: matawuni a ophunzira

Oxford ndi ulendo wa ola limodzi pa sitima. Alendo ambiri akafika amafunsa kuti yunivesite ili kuti, osadziwa kuti aima kale pakati pake. Kulibe mpanda umodzi kapena geti limodzi. Kuli makoleji oposa 30 omwazikana m'tawuni yonse, ndipo ambiri ali ndi bwalo la udzu pakati, nyumba yodyera, laibulale ndi kachisi wake. Kuphunzitsa kunalipo kale mu 1096, ndipo kunakula kwambiri kuyambira mu 1167 pamene Henry II analetsa ophunzira a ku England kupita ku Paris.

Ophunzira ndi eni tawuni sankamwerana madzi. Mu 1209, mayi wina ataphedwa, eni tawuni anapachika ophunzira ena, ndipo anzawo anathawira ku Cambridge. Kuthawa kumeneko ndiko kunabala yunivesite yachiwiri. Mu February 1355 mkangano wa pamalo omwera vinyo unakula n'kukhala chipolowe cha masiku atatu chimene chinapha anthu ambirimbiri. Mfumu inakhalira kumbuyo yunivesite, ndipo akuluakulu a tawuni ankalipira chindapusa chaka ndi chaka mpaka mu 1825. Laibulale ya Bodleian, imene inatsegulidwa mu 1602, ili ndi ufulu wolandira kope la buku lililonse losindikizidwa ku Britain, koma sibwereketsa buku kwa wina aliyense. Mu 1645 inakaniza ngakhale mfumu Charles I. Akazi anayamba kulandira madigiri ku Oxford mu 1920, ndipo ku Cambridge anadikira mpaka 1948.

Amene anawerengapo mbiri ya kukonzanso mpingo adzafuna kukaima mumsewu wa Broad Street. Pakati pa msewuwu pali mtanda wa timiyala woikidwa pansi, ndipo njinga za ophunzira zimangodutsa pambali pake. Pamenepo ndi pamene anawotchera mabishopu Hugh Latimer ndi Nicholas Ridley pa 16 October 1555, ndi Thomas Cranmer pa 21 March 1556, mu ulamuliro wa mfumukazi Mary, chifukwa chokana ziphunzitso za Roma. Pafupi pomwepo pali koleji ya Balliol imene John Wycliffe anaitsogolera cha m'ma 1360. Wycliffe ankaphunzitsa kuti Malemba ndi amene ali ndi ulamuliro kuposa atsogoleri a mpingo, ndipo omutsatira anamasulira Baibulo lonse m'Chingerezi. Anamwalira yekha mu 1384, koma mu 1428 mafupa ake anafukulidwa, kuwotchedwa, phulusa n'kulitaya mumtsinje wa Swift.

Ku Cambridge alendo amathamangira kachisi wa King's College, amene anayamba kumangidwa mu 1446, ndi kukwera timabwato toyendetsa ndi mtengo wautali pamtsinje wa Cam. Mmalawi ayang'anenso nyumba yoyera imene ili pafupi pomwepo, yotchedwa Senate House. M'nyumba imeneyi David Livingstone analankhula kwa ophunzira pa 4 December 1857, kuwapempha kuti apitirize ntchito imene iye anayamba mu Africa. Nthawi imeneyo n'kuti asanafike kunyanja yathu, imene anaiona mu 1859. Mawu akewo anabala bungwe la mishoni la mayunivesite, UMCA. Bishopu wake woyamba, Charles Mackenzie, amene anali mphunzitsi pakoleji ya Caius yoyandikana ndi nyumbayi, anafika ku Magomero mu 1861, n'kumwalira ndi malungo mu January 1862. Mishoniyo inasamukira ku Zanzibar, kenako inabwerera n'kukhazikika pa Likoma mu 1885, pamene tchalitchi chachikulu cha St Peter chinayamba kumangidwa mu 1903. Choncho mutu wa Magomero umene timaphunzira m'kalasi unayambira m'chipinda chimenechi.

Canterbury: kumene njira zinkathera

Kum'mwera chakum'mawa, m'chigawo cha Kent, kuli Canterbury. Sitima yothamanga imafika ola lisanakwane, koma kale anthu ankayenda masiku atatu kapena anayi. Mu 597 Augustine, wotumidwa ndi Papa Gregory, anafika kuno kudzalalikira mfumu Ethelbert. Sanayambire pa chabe, chifukwa mkazi wa mfumuyo, Bertha, anali kale Mkhristu ndipo ankapemphera m'katchalitchi ka St Martin. Katchalitchi kameneka kakadalipo ndipo anthu amapempheramobe. Ambiri amakaphonya chifukwa kali kunja kwa linga, ulendo wa mphindi zingapo wapansi.

Chimene chinatchukitsa Canterbury ndi imfa. Thomas Becket anali bwenzi la Henry II, ndipo mfumuyo inamuika kukhala bishopu wamkulu poganiza kuti azidzaimvera. Awiriwa anayambana pa nkhani yakuti atsogoleri a mpingo akalakwa aziweruzidwa ndi ndani, bwalo la mfumu kapena la mpingo. Pa 29 December 1170 asilikali anayi a mfumu anamupha ndi malupanga mkati mwa tchalitchi. Kwa zaka zoposa 350 anthu ochokera ku Ulaya konse ankabwera kumanda ake, ndipo tawuni inalemera ndi nyumba zogona alendo ndi malonda a timabaji ta chikumbutso. Buku la Geoffrey Chaucer lotchedwa The Canterbury Tales limasimba za gulu la apaulendo otere. Tinganene kuti malonda okopa alendo ku England anayambira pamenepa. Mu 1538 Henry VIII anagwetsa manda okongoletsedwawo n'kutenga golide yense, ndipo lero pamalopo pamangoyaka kandulo.

M'chipinda chapansi cha tchalitchichi muli kachisi amene anaperekedwa kwa Apulotesitanti othawa chizunzo ku France ndi kumayiko oyandikana nalo m'zaka za m'ma 1500. Othawawo anabwera ndi luso loluka nsalu limene linadzutsa chuma cha tawuni, ndipo mpaka lero m'kachisiyu mumachitika mapemphero m'Chifalansa. Mabomba a mu June 1942 anawononga mbali ina ya tawuni, koma tchalitchi chinapulumuka. Mu 1988 bungwe la UNESCO linaika tchalitchichi, St Martin ndi mabwinja a nyumba ya amonke ya Augustine pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Kuyenda wapansi m'minda ya eni

Kumidzi ndiko kumafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo apafupi ndi mapiri a Chilterns, kumpoto chakumadzulo kwa London. Sitima yapansi panthaka ya mumzinda, ya njanji ya Metropolitan, imatuluka kunja n'kukathera ku Amersham, m'mapiri momwemo. Ndi mapiri aafupi a choko, odzaza ndi nkhalango za mitengo ya beech imene kale amisiri ankapalira miyendo ya mipando m'tchire momwemo n'kukagulitsa ku High Wycombe. M'mwamba mumauluka mbalame zofiirira zonga mphamba, za mchira wamphanda. Zinali zitatheratu ku England chifukwa chophedwa, ndipo zinabwezeretsedwa kuno kuyambira mu 1989.

Pamwamba pa tawuni yakale ya Amersham, m'mphepete mwa munda, pali chipilala chokumbukira otsatira a Wycliffe amene anawotchedwa kumeneko, ena mwa iwo mu 1521, chifukwa chowerenga Malemba m'chinenero chawo. Makilomita ochepa kuchokera apo kuli mudzi wa Chalfont St Giles, kumene mlakatuli wakhungu John Milton anathawira mliri wa mu London mu 1665, n'kumalizira ndakatulo yake yaikulu ya Paradise Lost. Ku Jordans kuli nyumba yopemphereramo ya a Quaker ya mu 1688, yopanda guwa kapena chokongoletsa chilichonse. Panja pake pali manda a William Penn, amene anayambitsa Pennsylvania ku America, ndipo mwala wake ndi waung'ono ngati wa wina aliyense.

Malo onsewa munthu akhoza kuwalumikiza wapansi, kudutsa m'minda ya anthu, popanda wom'thamangitsa. Ku England ndi Wales kuli njira zapansi zotetezedwa ndi lamulo zotalika makilomita oposa 200,000. Njira ikakhala pamapu a khonsolo, mwini munda alibe ufulu woitseka. Akailima pamodzi ndi munda ayenera kuibwezeretsa, ndipo akamanga mpanda ayenera kusiya kageti kapena makwerero. Njira ina yaitali imatsata mtsinje wa Thames kuyambira kugwero lake mpaka mu London, makilomita pafupifupi 300.

Njirazi zili ndi mbiri yowawa. Kale midzi inali ndi minda ikuluikulu yolima mogawana ndi malo odyetsera ziweto a aliyense. Makamaka pakati pa 1750 ndi 1850, nyumba ya malamulo inapanga malamulo masauzande olola kuti malowa adulidwe n'kutchingidwa. Eni malo aakulu anapindula, ulimi unapita patsogolo, koma wosauka amene ankadalira ng'ombe imodzi ndi nkhuni za m'tchire la onse anatsala manja lende, ndipo ambiri anapita kukafuna ganyu kumafakitale. Mipanda yambiri ya zitsamba imene imakongoletsa minda pazithunzi inadzalidwa nthawi imeneyo. Chimene anthu wamba anatsala nacho ndi njira yopita kutchalitchi, kumsika ndi kuchigayo.

Nyumba zikuluzikulu za kumidzi nazo zili ndi mafunso ake. Mu 2020 bungwe la National Trust linatulutsa lipoti losonyeza kuti malo 93 mwa amene limasamalira ali ndi mbiri yokhudzana ndi ukapolo kapena utsamunda. Ukapolo utathetsedwa ndi lamulo la mu 1833, boma la Britain linalipira mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, pamene akapolowo sanalandire kalikonse. Mlendo wochokera ku Africa akamasirira denga lopakidwa golide ali ndi ufulu wofunsa womuperekeza kuti ndalama zake zinachokera kuti.

Mtengo wa kukongola

Kusunga zakale kuli ndi olipira ake. Popeza kumanga n'koletsedwa m'malo ambiri, nyumba n'zochepa ndipo mitengo yake ndi yoboola m'thumba. Mwana wobadwira m'mudzi wokongola nthawi zambiri sangakwanitse kugula nyumba kwawo komweko, chifukwa akupikisana ndi olemera a mu London amene amafuna nyumba yachiwiri yokapumirako kumapeto kwa sabata. Achinyamata akachoka, sukulu ya m'mudzi imasowa ana ndipo sitolo imatsekedwa. Ku Bibury, m'mapiri a Cotswolds, kuli mzere wa tinyumba tamiyala umene unamangidwa cha m'ma 1380 ngati nkhokwe ya ubweya. Mudziwu uli ndi anthu mazana ochepa, koma nyengo yotentha mabasi a alendo amatseka msewu, ndipo eni nyumba amadandaula kuti anthu amalowa m'mabwalo awo kudzajambula ngati kuti simukhala anthu.

N'chifukwa chake nkhani ya Green Belt imautsa mkangano pachisankho chilichonse. Ena amati lambayu akangomasulidwa, minda sidzabwereranso. Ena amati si chilungamo kuti wachinyamata azilipira theka la malipiro ake pa lendi kuti wina aziona nkhosa pazenera. Mu 2024 boma linalola kuti mbali zina za lambayu, makamaka zimene zinamangidwapo kale kapena zosathandiza kwenikweni, zikhoza kumangidwapo nyumba. Mkanganowo sunathe.

Mukadzapeza mwayi

Ngati tsiku lina mudzapezeke ku London, kapena muli ndi m'bale kumeneko woti mum'tumizire nkhaniyi, nawa malangizo ochepa. Sankhani tawuni imodzi pa tsiku. Wofuna kuona Windsor, Oxford ndi Cotswolds tsiku limodzi amaona msewu wokha. Matikiti a sitima amatsika mtengo anthu opita kuntchito akatha m'mawa, ndipo basi imatchipa kuposa sitima ngakhale imachedwa. Nyumba zachifumu, makoleji otchuka ndi tchalitchi cha Canterbury amalipiritsa pakhomo, koma njira za m'minda, dambo la Runnymede ndi matchalitchi ang'onoang'ono a m'midzi n'zaulere. Tengani kamba wanu, nsapato zosaopa matope ndi jekete ya mvula, ngakhale kutacha bwino.

Kumbukiraninso dzuwa. Mu June limalowa itadutsa 9 koloko usiku, koma mu December limalowa 4 koloko isanakwane. Ulendo wa Lachisanu nyengo yozizira uyenera kuyambika m'mamawa ngati mukufuna kuti Sabata likupezeni muli kunyumba. M'minda tsatani njira, geti mulisiye mmene mwalipezera, ng'ombe ya mwana muitalikire, ndipo musajambule pazenera la munthu.

Chomaliza, werengani musananyamuke, ndipo mukafika funsani, paja safunsa anadya phula. M'matchalitchi ndi m'nyumba zakale zambiri mumakhala agogo opuma pantchito amene amadzipereka kufotokozera alendo mwaulere, ndipo amasangalala akapeza wofunsa. Auzeni kumene mwachokera. Ku Cambridge mukhoza kupezeka kuti ndinu amene mukuwafotokozera kumene kuli Magomero.